Insipekita Chulu, Botolo la Lachinayi ndi Firiji

Ayi, musandipukute, ufawo ukhale pomwepo, mapepala ndikuwaona bwinobwino.

Abusa, akulu a mpingo, abale ochokera ku Katete, anansi a muno mu Kabwata, anzawo a malemu a ku mabasi, ndi inu Abemba, ambuya athu, amene mwakhala mukutiyeretsa mitu ndi ufa chiyambire Lachiwiri monga mwambo wa chimbuya ukulolerani: banja latuma ine Abson, mwana wa mlongo wawo wa malemu, kuti ndiwerenge mbiri yawo tisananyamuke kupita kumanda. Ambiri mwaiona firiji imene ili pakhondepo, yozimitsidwa, yomangidwa chingwe ngati mbuzi ya paulendo. Inatuluka pamodzi ndi mipando Lachitatu, pamene tinkakonza malo a amayi olira, koma mipando palibe anaimanga. M'firijimo mumakhala mankhwala amene amasunga moyo wa amayi athu ofedwa, Mayi Agness. Nayonso ili ndi gawo lake m'mbiri ino, ndipo tifikapo.

Malemu Bambo Amock Yotamu Chulu anabadwa pa 3 Malichi 1928, m'mudzi wa kufupi ndi Katete, ali achitatu mwa ana asanu ndi mmodzi a Bambo Yotamu Chulu ndi Mayi Tisauke Mbewe. Chaka chimenecho ndi cha pa chitupa chawo. Kalata ya ubatizo imanena 1926. Malemu sanafune kukhumudwitsa pepala lililonse, choncho ankagwiritsa ntchito zaka zonse ziwiri: kwa anyamata achipongwe ankatchula 1926, kwa adokotala 1928.

Mu 1937 anayamba sukulu ya mishoni, ndipo anafika Sitandade 4 mu 1944. Masamu ankawakhoza kwambiri. Aphunzitsi awo anawapatsa udindo wolemba maina a ochedwa, ndipo ntchitoyo anaigwira mopanda tsankho mpaka analemba mphunzitsi yemweyo kawiri. Pa lipoti lawo lomaliza, limene banja lasunga, panalembedwa kuti mwanayu ndi wanzeru ndiponso woona mtima, koma asasiyidwe yekha pafupi ndi dimba la mizimbe.

Mu 1950 anabwera ku Lusaka pa lole ya mtedza. Mu 1952 analowa ntchito ya ukondakitala pa kampani ya mabasi. Pa 9 Julayi 1955 anamanga banja ndi Mayi Agness mu mpingo wa Reformed, ndipo Mulungu anawapatsa ana asanu. Mu 1965, patapita chaka chimodzi dziko litalandira ufulu, anakwezedwa kukhala insipekita wa matikiti, napatsidwa chipewa cha lamba wakuda chimene mukuchiona pamwamba pa bokosipo. Mu 1967 anasamukira m'nyumba ino.

Amene munakwerako basi ya Chelstone kapena ya Woodlands m'zaka zimenezo mukuwakumbukira. Ankadziwa tikiti ya dzulo poinunkhiza. Ankadziwa munthu amene watola tikiti pansi poona fumbi la pa zala zake. Mawu awo anali amodzi: “Tikiti ya mwini sifikitsa munthu kwawo.” Tsiku lina mu 1969 anapeza apongozi awo enieni atakwera ndi tikiti ya mnzawo. Malemu anavula chipewa, anagwada, anayang'ana kumbali monga ulemu ufunira, ndipo anawatsitsa pa Kamwala.

Mu 1974 thupi lawo linayamba kusintha. Anaonda mpaka lamba anamuboola mabowo awiri atsopano. Ankamwa madzi pa mpopi uliwonse, ndipo madalaivala anayamba kudandaula kuti insipekita akutsika pa siteshoni iliyonse osati chifukwa cha ntchito. Iwo anadziyeza okha napeza kuti ndi njoka za m'mimba. Analowa m'kemisiti yaing'ono ya kuseri kwa msika kukagula mankhwala a njoka, ndipo m'menemo anakumana ndi Ba Mwape Chalwe, mayi wachibemba wa ku Luapula wophunzira za mankhwala, amene akhala apo ndi chikwama pamiyendo.

Ba Chalwe atamva dzina lakuti Chulu anadziwa kuti Mulungu wawatumizira wa kum'mawa, munthu amene mwambo umawalola kumunyoza mmene angafunire. Anati: “Imwe ba kudya mbeba, muli shani? Njoka sizipangitsa muntu kumwa manzi monga ng'ombe. Tengani botolo iyi, muyende kuseli.”

Malemu anayankha kuti iwo ndi insipekita, ndipo salamulidwa ndi anthu odya anyani. Koma kuseriko anapita.

Pepani Abusa, apa mbiri ikutikakamiza kutchula madzi a m'thupi. Ba Chalwe anadontheza madontho asanu m'kagalasi, nawonjezera madzi, naponyamo piritsi limene linawira lokha. Anafotokoza kuti madziwo akakhala abuluu ndiye kuti mulibe shuga, akabiriwira ndiye kuti alimo pang'ono, ndipo akafiira ngati njerwa ndiye kuti zinthu zaipa. A malemu anafiira mwakuti Ba Chalwe anaitana wosesa kuti adzaoneko. Analemba kalata yopita kwa dokotala. Malemu anati adzapita akadzapeza mpata. Ba Chalwe anangotambasula dzanja, nachotsa chipewa pamutu pawo, nachitsekera m'kabati ya mankhwala oopsa.

“Mukabwela na kadi ya ku chipatala, muzachitenga.”

Insipekita wopanda chipewa ndi wokwera wamba. M'mawa mwake anali woyamba pamzere wa kuchipatala.

Adokotala anatsimikiza kuti ndi matenda a shuga, nawalembera jekeseni ya insulini ya tsiku ndi tsiku. Zonsezi ananena m'mphindi zitatu, pakuti panja panali anthu mazana. Zotsala zonse anaphunzitsa ndi Ba Chalwe: kuphika sirinji ya galasi m'kapoto kake kokha, kusinthasintha malo obaya, kusunga botolo la mankhwala mu mtsuko wa mchenga wonyowa, kuyang'ana mapazi asanavale nsapato. Anawapatsa lalanje kuti akayeserere kubaya kunyumba. Tsiku lotsatira malemu anabwera ndi makoko. Anapatsidwa lina, ndipo linatha chimodzimodzi. Tsiku lachitatu Ba Chalwe anawapatsa ndimu, ndipo malemu anaphunzira msanga.

Anawauzanso kuti aziyenda ndi maswiti atatu m'thumba, oti adye pokhapokha akamva kunjenjemera ndi thukuta, chizindikiro chakuti shuga watsika kwambiri. Akatswiri akhoza kufufuza nkhaniyi: kwa zaka zisanu ndi ziwiri ngozi imeneyi inkawagwera malemu tsiku lililonse, nthawi ya 10 koloko ndendende, pamene tiyi wafika.

Lachinayi lililonse ankapita ndi botolo kukemisiti, ndipo Lachinayi lililonse linkafiira. M'zaka zija shuga anasowa m'masitolo, anthu nkumaima pamzere kuyambira mbandakucha, Ba Chalwe ankakweza kagalasi pamaso pa makasitomala onse nkunena kuti: “Dziko lonse lifunafuna shuga, ba Chulu beve bataila pa mpanda.” Kenaka ankalemba kakalata kopita kwa Mayi Agness, ndipo sabata imeneyo tiyi wa m'nyumba muno ankawawa.

Tsopano tafika pa 1981, chaka chimene malemu anandipempha okha kuti ndisadzachidumphe.

Mwezi wa Ogasiti mayi wina anayamba kugulitsa zitumbuwa zowaza shuga pa geti ya ku ntchito kwawo. Malemu anayesedwa, nagonja, ndipo anadziwa zimene botolo lidzanene. Anafika kunyumba navula chipewa, nati: “Amake Febby, Chipani ndi Boma lake alamula kuti aziyeza banja lonse.” Mayi Agness, munthu wa khadi lake la Chipani ndi chitenje chake cha misonkhano, sanafunse zambiri. Kuyambira pamenepo Lachinayi m'nyumba muno munkatuluka mabotolo awiri, koma kukemisiti kunkafika limodzi, la Mayi Agness. Linalo linkathera pa mpanda wa a neba, amene mpaka lero sadziwa chimene chinabweretsa nyerere chaka chimenecho.

Munthu amene anatsitsa apongozi ake chifukwa cha tikiti ya mwini anayenda pa tikiti ya mwini masabata khumi ndi limodzi.

Masabata asanu ndi atatu oyamba madzi anali abuluu ngati yunifolomu ya ana a sukulu. Ba Chalwe sanapusitsike. Anaona shuga pa ndevu za malemu. Zotsatirazo analemba ndi pensulo m'malo mwa inki, anatumiza mawu kwa dokotala kuti asachepetse mankhwala, ndipo anati: “Botolo yanu yachila, ba Chulu. Manje tiyembekeza imwe.” Ankadikira kuti insipekita adzigwire yekha.

Sabata lachisanu ndi chinayi madzi anabiriwira. Lakhumi anachita chikasu. Apa anthu awiri anzeru analakwa nthawi imodzi. Ba Chalwe anaganiza kuti malemu ayamba kusakaniza awo ndi a mwini, kuti bodza lifanane ndi zoona. Malemu anaganiza kuti mapiritsi a Abemba aguga. Palibe anayang'ana Mayi Agness, amene masiku amenewo ankamwa madzi osakhuta, ankamanga chitenje mozunguliza kawiri, ndipo ankati ndi kutentha kwa chilimwe chabe.

Pa 22 Okutobala 1981 piritsi linawira ndipo madzi anafiira ngati njerwa yootcha. Ba Chalwe anaomba m'manja: “Ehe! Lelo mwabweletsa yanu. Mwalapa!”

Malemu anatenga botolo lawo natuluka. Anali atatamandidwa chifukwa cha choonadi pa tsiku limene ananama ngati masiku onse, ndipo m'Lusaka yense munali munthu mmodzi yekha wodziwa mwini wa njerwa ija. Akanakhala chete, ulemu wawo ukanatsala wathunthu. Akanalankhula, akanakhala nthabwala ya Abemba mpaka tsiku la maliro awo, ndipo monga mukuonera, sanalakwitse. Anayenda mpaka pa siteshoni. Basi inabwera, kondakitala anawapatsa sawatcha, iwo osakwera. Inabwera yachiwiri, osakwera. Anabwerera, analowa m'kemisiti modzaza anthu, anavula chipewa okha nachiika pa tebulo.

Anati: “Mayi, tikiti ija si yanga. Ndi ya amake Febby.”

Amene analipo amati aka kanali koyamba kuona Ba Chalwe atasowa chipongwe. Anatulutsa makasitomala, anakhoma chitseko masana dzuwa likuswa mtengo, nathamanga ndi nsapato za gogoda mpaka pano. Anapeza Mayi Agness atagona pa mkeka, chidebe cha madzi pambali, akulephera kudzutsa mutu. Tsiku lomwelo anagonekedwa m'chipatala. Adokotala anati masiku ena ochepa akanachedwa, tikanasonkhana pano mu 1981. Chipongwe chinabwerera patapita sabata, pamene Ba Chalwe anauza malemu kuti: “Zaka seveni mukamba zoona, simunachilitse muntu. Mwanama kamozi, mwapulumutsa mukazi. Nizakuchitani bwanji imwe?”

Kuyambira pamenepo m'nyumba muno munali odwala awiri. Insulini inayamba kusowa ngati mafuta ophikira. Ikafika m'dziko, Ba Chalwe ankayendayenda mpaka atawapezera ya miyezi itatu, koma ya miyezi itatu singasungidwe mu mtsuko. Kutentha kumaiphera m'botolo momwemo, munthu nkumadzibaya madzi osadziwa. Choncho mu Meyi 1982 malemu anagulitsa njinga yawo, wailesi yagalamafoni ndi suti imene anakwatira nayo, nagula firiji kwa mzungu wina wa ku Kabulonga amene ankabwerera kwawo.

Anaibweretsa pa basi. Kondakitala anafuna kuikweza ulere chifukwa cha ulemu, koma malemu anakana. Anafuna kuidulira tikiti ya mwana, koma malemu anawerenga kachitsulo ka kumbuyo, napeza kuti inapangidwa mu 1969, nagamula kuti ya zaka khumi ndi zitatu yadutsa msinkhu. Inalipira ngati munthu wamkulu, ndipo inakhala pafupi ndi zenera. Tikiti yakeyo ikadali yomata m'kati mwa chitseko.

Ba Chalwe anabwera kudzaiona. Anatulutsa kapepala kaja kamene amamata pa botolo lililonse lochoka m'kemisiti mwawo, nalembapo, nakamata pa chitseko, pakuti anati chilichonse chosunga moyo wa wodwala ndi mankhwala. Kapepalako kalipo, pansi pa chingwe. Kamati: “Mayi Agness Chulu. Tsegulani kawiri pa tsiku musanadye. Osagawira ena.”

Mu 1983 malemu anapuma pa ntchito, potsatira chitupa cha 1928. Sanakhale manja lende. Lachinayi lililonse ankavala chipewa nkukakhala pa benchi ya kukemisiti, ndipo wodwala aliyense wobwera ndi botolo ankamuyang'ana m'maso nkumufunsa kuti: “Ili ndi lanu?” Anagwira anthu asanu ndi anayi, mmodzi wa iwo mkulu wa mpingo, amene sindimutchula chifukwa watithandiza kukumba manda.

Maso a Mayi Agness anafooka, moti sankaona timizere ta pa sirinji. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, m'mawa ndi madzulo, malemu ndiwo ankatsegula firiji, nkuyeza mankhwala poyang'anitsa kuwala kwa pa zenera, nkubaya akazi awo, kenaka nkudzibaya okha. Sanayambe adzibaya iwo poyamba. Zitumbuwa anazisiya tsiku lomwe lija la njerwa. Ndamva ena akunong'onezana pabwalopa kuti mlamu ankawamana chakudya achimwene, nchifukwa chake anaonda. Mbiri ikufuna kukonza pamenepa: amene ankayeza mbale m'nyumba muno anali insipekita, ndipo mbale yoyamba kuichepetsa inali yawo.

Mu Julayi chaka chino nsapato yatsopano inawatupitsa chala. Anabisa masabata awiri, mpaka Ba Chalwe anawavula nsapatoyo ndi manja awo pa benchi pomwepo. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Ogasiti. Chilonda chinakana kupola, ndipo impso nazo zinatopa. Sabata yatha anaitanitsa mwana wawo Febby, sirinji ndi lalanje. Anamuphunzitsa kubaya, kubwereza kakhumi, akumudzudzula ngati kondakitala watsopano. Atamaliza anamubwezera lalanje lija lathunthu. Ba Chalwe atamva kuti lalanje labwerako lamoyo, anangokhala pansi nati: “Kapolo wanga ayenda.” Malemu anatisiya Lachiwiri pa 11 Okutobala 1988, nthawi ya 10 koloko m'mawa, tiyi atangofika. Anali ndi zaka 60, kapena 62.

Asiya akazi awo Mayi Agness. Ana asanu, Febby, Spencer, Tikambenji, Yotamu ndi Misozi. Adzukulu khumi ndi mmodzi. Mlongo mmodzi, amene ndi mayi anga. Ndi ang'ono awo awiri, amene afika Lachitatu kuchokera ku Katete pa lole.

Banja likuthokoza Abusa ndi mpingo wonse, amayi a chigwirizano amene ayimba osatopa, madokotala ndi anamwino, anansi amene apereka nkhuni ndi madzi, ndi anzawo a ku mabasi amene atipatsa basi ya kumanda. Likupepesanso kwa a neba chifukwa cha mpanda. Mwapadera likuthokoza Ba Mwape Chalwe, amene anawanyoza malemu zaka khumi ndi zinayi ndi kuwaonjezera zaka zomwezo. Lachitatu, ataona firiji ili panja padzuwa, anapanikiza dzanja pansi pa chingwe natulutsa mabotolo a Mayi Agness. Panopa ali m'fulasiki ya madzi oundana m'chikwama chimene agwiracho. Andiuza kuti madziwo safika madzulo. Andiuzanso kuti mu Disembala akupuma pa ntchito kubwerera ku Mansa, ndipo kuseri kwa msika sikudzakhalanso firiji ina yosungamo mankhwalawo.

Mwa mwambo wa kwathu, katundu wa mwamuna amayang'ana kwa mwana wa mlongo wake. Mwana ameneyo ndine. Ndawerenga kapepala ka pa chitseko kawiri, ndipo dzina langa silikupezekapo. Choncho amene anamanga firijiyo sanamangire ine.

Za iye tikudziwa zinthu zitatu. Chingwe chake chili ndi timaulusi ta thonje, ndipo mu Kabwata thonje sitilima. Mfundo yake ndi ija yomangira katundu pa ngolo ya ng'ombe. Ndipo dzulo m'mawa munthu wina anaoneka akuyeza firiji ndi zikhatho, kenaka nkukayeza kumbuyo kwa lole. Dzina sindinalilembe. Malemu ankati wokwera wolakwa umamupatsa mpata woimirira yekha, pakuti iwonso tsiku lina anabwerera okha kuchokera pa siteshoni.

Amalume, Insipekita Amock Yotamu Chulu, mwafika pa siteshoni yomaliza ndi tikiti yanuyanu. Mulungu akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.

Basi ya kumanda yafika, ndipo dalaivala wake anali wophunzira wa malemu. Akuti sanyamuka mpaka pulagi ya firiji ibwerere pa khoma.

Chingwecho ndi cha yani?